Kanga za Malemu Rozalia

Chitseko chinamenyetsedwa mwamphamvu mpaka kalendala ya kutchalitchi inagwa pakhoma. Hilda anali pakhonde, singano m'manja, ulusi kukamwa, ndipo asanatembenuke n'komwe apongozi ake, Mama Dorotea, anali ataima kale pamaso pake atanyamula sanduku yopanda kanthu, bokosi lachitsulo losungiramo zovala.

"Kanga za Rozalia zili kuti?"

Eeeh. Kanga zomwe amafunsazo, zitenje za kuno zolembedwa mawu m'munsi, zinali pamiyendo pa Hilda pomwepo, zitadulidwadulidwa timakona ting'onoting'ono n'kulumikizidwa kukhala chofunda. Ubisa bwanji chinthu chachikulu ngati mkeka?

Rozalia ameneyu anali mkazi woyamba wa Castory, mwamuna wa Hilda. Anamwalira mwana wake Pendo akadali wa m'manja. Ndiye mwambo wake, zovala za mkazi akamwalira a kuchimuna sagwiragwira, eni ake ndi a kwawo. A kwawo kwa Rozalia ku Lituhi ananena kuti zisungidwe, Pendo akadzakula adzabwera okha kudzamupatsa ndi manja awo. Mama Dorotea anazikiyira m'sanduku, kiyi n'kumangirira ku korona yawo. Ndipo mwa anthu onse a mu Mbamba Bay, woyenera kuziyandikira pomalizira penipeni anali Hilda, mkazi wolowa m'malo, wochokeranso kutsidya ku Nkhata Bay.

Hilda zosokasoka amazikonda zoopsa. Amapita kwa mafundi osoka zovala kumsika kukatolera tizidutswa tomwe ataya, akabwera kumasoka. Mapilo a zigamba, nsalu ya patebulo ya zigamba, ngakhale batire la sola lili ndi kamalaya kake kkkk. Apongozi ankati nyumba yasanduka ngati nkhanga, koma ankangonyogodola basi. Lero sikunali kunyogodola.

Mama Dorotea anagwetsa sanduku ija n'kutsomphola chofundacho. Anachitambasula n'kuloza kachigamba kobiriwira ka maembe.

"Iyi anavala tsiku lomwe tinakabatiza Pendo. Iyi, iyi ndinamugulira ine ku Mbinga! Yesu wanga. Waduladula munthu wakufa ndi sizasi, iwe Mmalawi iwe?"

"Mama, khalani pansi kaye..."

"Ndikhale pansi kwa ndani? Castory! Castoryyy!"

Castory anali kuseri akukonza ukonde, anabwera akuthamanga, nsapato imodzi yokha kuphazi. Aneba nawo anali atayamba kale kuyanika zovala zouma kale pafupi ndi mpanda kkkk, anthu a kuno ndi nkhani sachedwa.

Pendo anali pakhomo la khitchini, mphika m'manja, maso atatuluka. Hilda anamuyang'ana kamodzi kokha. Mtsikanayo anapukusa mutu pang'ono kwambiri, ngati akupempha.

Chifukwatu zoona zake zinali izi. Pendo wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko ku Mbinga, kumapiri kozizira. Tsiku lina agogo ake akusamba, anamasula kiyi ku korona kuti angonunkhizako zovala za mayi ake, poti nkhope saikumbuka. Atatsegula anapeza chiswe chalowera pansi pomwe panachita dzimbiri, kanga zonse mabowo okhaokha. Anabwera nazo kwa Hilda akulira. Mwana amene kale ankangopereka moni wa "shikamoo" akuyang'ana kumbali, tsiku limenelo anamugwira dzanja. Anati ndisokereni zotsalazi ndikafunde kusukulu, koma chonde chonde musadzawauze bibi, agogo angawo, kuti ndinaba kiyi, adzandida. Hilda analumbira.

Castory anayang'ana chofunda, anayang'ana mayi ake, kenako mkazi wake.

"Hilda, wadula ndiwe?"

"Ndadula ndine."

"Sanduku unatsegula bwanji?"

Hilda anabaya singano pachitenje chake n'kuyamba kukulunga ulusi.

"Ndikufunsatu. Kiyi unaitenga bwanji pakhosi pa amayi?"

"Mankhwala!" anakuwa Mama Dorotea. "Anandigoneka ndi mankhwala a kwawo! Akufuna afafanize Rozalia m'nyumba muno. Lero wadula nsalu, mawa adula mwana. Ndikawauza chiyani ine a ku Lituhi? Anandisungitsa ine, ine! Adzati Dorotea anapatsa mkazi watsopano zovala za mwana wathu kuti apangire masanza."

"Si masanza mama," Hilda anatero misozi ikutsika.

"Ukundiyankha? Castory, boti la ku Nkhata Bay likabwera, uyu akwere. Apo ayi ndikwera ndine, ndikafere kwa eni ake."

Hilda anadikira. Anadikira kuti mwamuna wake anene kena kake, ngakhale kungoti amayi tiyeni tikambirane m'nyumba. Castory anakanda m'mutu n'kuyang'ana pansi.

"Mwina upite kaye kwanu, mitima izizire."

Jamani. Mawu amenewo anamupweteka kuposa zonse zomwe apongozi analankhula. Anadzuka, analowa kuchipinda, anakoka chikwama pansi pa bedi n'kuyamba kuponyamo zovala osapinda. Kwawo akafika bwanji? Mayi ake anamuuziratu kuti ukwati wa kutsidya ukavuta ulibe kothawira msanga. Ndipo akati walakwa chiyani, ayankha kuti chiyani, kusoka? Mawu amodzi okha akanamupulumutsa, dzina limodzi. Analiluma ndi mano.

Pendo analowa mwakachetechete n'kutseka chitseko.

"Mukupitadi?"

"Tandipatsa chitenje icho."

"Bwanji simunanene?"

"Unandilumbiritsa. Pita panja asakuone kuno." Hilda anapukuta mphuno ndi dzanja. "Mvetsera, mbali imodzi sindinamalize. Bulangeti ndaika kale m'kati, wangotsala mpendero. Upite nacho kwa fundi wa kumsika wa mano awiri uja, umuuze asagwiritse ulusi woyera, uonekera."

Pendo anangoti phwii kulira, kulira kwa mwana wamng'ono kotsegula kamwa lonse, n'kutuluka akuthamanga. Hilda anamva pakhonde mawu akusweka.

"Bibi, ndine! Ndinaba kiyi ndine mukusamba! Iwo sanagwire sanduku yanu olo kamodzi!"

Hilda anatuluka chikwama chili m'manja. Pendo anali atagwada pafumbi, atagwira miyendo ya agogo ake.

"Wakuphunzitsa kuti uziname eti?" anatero Mama Dorotea, koma mawu anali atachepa.

"Tembenuzani sanduku muone! Chiswe chinadya, bibi, chinadya zonse! A ku Lituhi akanadzandipatsa chiyani, fumbi? Ine mayi anga sindikuwadziwa. Mumangoti ukadzakula, ukadzakula. Ndimangofuna ndikafunde fungo lawo."

Castory anatembenuza sanduku ija. Pansi pake panali poboola, dothi la chiswe lili mbuu m'makona. Pendo anathamangira m'nyumba, anabwera ndi jumbo yomwe Hilda anasungamo zotsala, poti sanataye ngakhale kachidutswa kamodzi. Anakhuthula pansi. Nsanza zonga ukonde, ukagwira zikuyoyoka.

Mama Dorotea anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Anatola kachidutswa kamodzi, kanaphwanyika m'zala zawo.

"Sindinkatsegula," anatero motsitsa. "Ndikati nditsegule ndimamuona Rozalia atagona pamkeka paja. Ndiye ndinkangoisiya." Analira, osati kokuwa kuja, kulira kwenikweni.

Aneba aja anayamba kuanula zovala zawo mmodzimmodzi.

Castory anayandikira kuti alandire chikwama kwa mkazi wake. Hilda anachikokera kumbuyo.

"Iwe usandigwire. Mitima sinazizire."

Bamboyo anabwerera chambuyo mpaka kuponda mphika wa Pendo kkkk, wamva m'bebe.

Patapita nthawi Mama Dorotea anamina, n'kukokera chofunda chija pamiyendo. Anayendetsa chala pa msoko uliwonse, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga korona.

"Mwambo waswekabe," anatero osakweza mutu. "Sizasi yadutsa pa zovala za wakufa eni ake asanabwere. Ku Lituhi tiyenera kupita, ndi nkhuku, tikagwade."

"Ndikagwada mama," anatero Hilda.

"Ndani wakuuza iwe? Ukagwada kuti unasunga ndiwe sanduku pansi ponyowa? Ndikagwada ndine. Iwe ukangonyamula ichi, akaone okha." Anatembenuza chofundacho n'kupeza mbali yosamaliza ija, bulangeti likusuzumira. "Nanga apa? Tipita nacho chili chong'ambika kukamwa chonchi?"

"Nsalu yabwino inatha. Ndimaopa kuikapo chitenje changa."

"Unachita bwino kuopa."

Kenako Mama Dorotea anamasula kanga yomwe anafunda paphewa, yofiira, yatsopano ndithu yomwe amapita nayo ku kwaya, anaikutumula n'kuiponya pamiyendo ya Hilda.

"Mwana akafunde mayi ake pakati, agogo ake m'mphepete. Dula. Koma osadula pamene pali mawu."

Hilda anaika chikwama pansi. Anatenga sizasi n'kuyamba kudula kanga ija.

"Ayi ayi, ukhotetsa!" Mama Dorotea anasendera pafupi n'kugwira nsonga ya nsalu ija, kuikoka kuti iwongoke. "Pendo, gwira uko. Iwe Castory waimiranji ngati mtengo wa magetsi? Kabweze chikwama cha mkazi wako kuchipinda, ukapindenso zovalazo bwinobwino."