Duwa la Mlakatuli

Mlakatuli ndi mtsikana wina anakumana pa shopu ya fotokope pomwe mtsikanayo ankagwira ntchito. Mlakatuli analowa ndi mulu wa mapepala, sikafu ili m'khosi dzuwa likuswa mtengo.

"Maso okongola chonchi azithera pa makina, Duwa langa?" anatero.

Mtsikanayo anangosungunuka. Anamuuza dzina lake ndi nambala ya foni, makina akulavula mapepala opanda kanthu.

Kuyambira tsikulo foni sinkapuma. "Duwa langa, mtima wanga ndi nyumba ya chipinda chimodzi, ndipo kiyi ali ndi iwe." Mtsikanayo analoweza mawuwo ngati vesi. Ndakatulo zonse za m'buku la mkuluyo anazitaipa yekha nthawi ya nkhomaliro, njala ikumupweteka.

Kenako linabwera lonjezo: "Kumsonkhano wa alembi ndikawerenga ndakatulo yako. Ndikakutchula dzina pagulu, anthu adziwe mkazi amene ndidzamukwatire."

Akulu ake a mtsikanayo pomubwereka diresi yovala kumsonkhanoko anangoti, "Iwe, mwamuna wovala sikafu masana ameneyo usamale naye." Koma wachikondi amamva?

Muholo munali kutentha, mipando yapulasitiki ndi maikolofoni yolira ngati mwanapiye. Alembi ankawerenga motsatizana, aliyense akudzimva kuti ndiye mwini nzeru. Bambo wina anawerenga mutu wathunthu wa buku lake, ndipo anthu anawomba m'manja chifukwa choti wamaliza.

Mlakatuli anakwera pansanja, anatsokomola, n'kukonza sikafu ija.

"Iyi ndi ya Duwa langa. Akudzidziwa yekha."

Dzina osatchula. Mtsikanayo anakhumudwa, komabe anadzitonthoza kuti mwina ndi manyazi, n'kuyamba kutsatira ndakatuloyo chapansipansi. Apa m'pamene anamva mawu ena pambali pake. Nesi wina, ali mu yunifomu, maso atatseka, anafika pa "kiyi ali ndi iwe" mwini wake asanafikepo. Kutsogolo kwawo mayi wina wa wigi yofiira anali atagwira pamtima, milomo ikuyenda chimodzimodzi.

"Chemwali, mwaidziwa bwanji? Bukuli latuluka lero," anafunsa mtsikanayo.

"Anandilembera ine pafoni."

"Amakuitanani kuti chiyani?"

"Duwa." Nesiyo anamuyang'anitsitsa. "Inunso?"

Mtsikanayo sanalire. Zinamunyansa, basi. Chipinda chimodzi, makiyi ogawa ngati maswiti!

Kuwerenga kutatha, anthu anafola kuti alembi awasainire mabuku. Mtsikanayo anaima pamzere wa Mlakatuli, nesi uja ndi mayi wa wigi ali kumbuyo kwake. Mumtima munali mutatsala kachiyembekezo kopusa kakuti mwina enawo ndi ongodutsa, weniweni ndi iye.

Mlakatuli anadzutsa mutu n'kumwetulira.

"Duwa langa, wabwera," ananong'ona.

"Munalonjeza dzina langa. Poti pansanja mwaiwala, lilembeni apa."

Cholembera chinaima m'malere. Mkuluyo anakanda m'mutu, anayang'ana kudenga, thukuta likutsikira mu sikafu.

"Lero mutu wadzaza, wokondedwa. Tandikumbutsa chilembo choyamba chokha."

Munthu wa mawu ambirimbiri ameneyu, dzina limodzi lokha analibe nalo malo. Mtsikanayo anakankhira bukulo kwa mwini wake n'kupatuka pang'ono kuti awaone bwino anzake aja.

"Musadzivutitse, bambo. Ingolembani kuti Duwa. Awa ali kumbuyowa muwalembere zomwezo, kapena mubwere nalo ku shopu ndidzakupangireni fotokope."