Mtsuko Umene Selina Anamata

Wofuna kutsutsa nkhaniyi akafunse a Lajabu. Iwo anali pomwepo, ndipo mpaka lero samwa madzi a mumtsuko.

Selina anali atangolembedwa ntchito m'nyumba ina yakale ya atsamunda ku Zomba, mmene ankakonza chionetsero cha mbiri ya nyumba yosungiramo zinthu zakale za dziko lino. M'bokosi la zinthu zoyamba kusonkhanitsidwa munali mtsuko umene mzungu wina anatola kuphiri kalekale. Unali wobooka pansi.

Selina, mwana wa ku Songani, anazindikira msanga. Chiwiya chosiyidwa pamanda amachiboola kuti wamoyo asachigwiritsenso ntchito. Anawauza abwana ake, a Philip, koma iwo anaseka, nati alendo sangabwere kudzaona zobooka. Ngati ntchito akuifuna, amate.

Anamata ndi dongo.

M'mawa mwake chipinda chinali kununkha ngati galu wofera m'ngalande. Ntchentche zobiriwira zinali zitadzaza pazenera. Mumtsuko munali madzi ofunda, otuwa, amafuta pamwamba, tsitsi likuyandama. Mvula sinagwe. Makiyi anagona m'thumba la a Lajabu, mnzake wa pantchito.

"Achemwali," a Lajabu ananong'ona atatseka mphuno ndi mpango, "awa ndi madzi osambitsira maliro."

Selina anasanza pakhonde. A Philip anati ndi makoswe chabe, akataye ndi kutsuka ndi sopo. Potaya, madzi anamudonthera padzanja, oterera ngati therere. Pofika masana mtsuko unali utadzazanso. Tsopano munali mphutsi, ndi chikhadabo chimodzi chachikasu.

Fungo linamukakamira. M'minibasi anthu ankamutalikira.

Tsiku lotsatira sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anatenga msomali naboola dongo lija. Madzi anatuluka pang'onopang'ono, akulira ngati munthu wotsukuluza m'kamwa. Fungo linatha. Ntchentche zinabalalika. A Philip anamuuza kuti atenge chikwama chake, asadzabwerenso.

Ntchito inapita, koma mtima unakhala pansi. Anafika kwawo ku Mbedza, kufupi ndi Songani, dzuwa likadalipo, ludzu litamugwira. Anatenga kapu yake yachitsulo natunga madzi m'ndowa.

Madzi anathera pamapazi.

Anaitembenuza. Chibowo.

Anatenga mbale yake. Chibowo.

Ziwiya za mng'ono wake zinali zabwinobwino. Zobooka zinali za Selina zokha. Ndipo m'mphepete mwa chibowo chilichonse munali dongo, likadali lonyowa.