Ndere Zosapinda

Mayi Pyo adanyamuka mochedwa mumzinda wa Mokpo. Uthenga woti mwana wawo Sun-im matenda ayamba udawapeza madzulo, ndipo boti lomaliza lidawatsitsa pachilumba chachikulu kutada kale. Kachilumba kamene adakwatiwako mwanayo kalibe doko. Nyanja ikaphwera pamatsala matope okhaokha, anthu n'kumawoloka pamiyala imene makolo adandandalika. Nyanja ikabwerera, njira imamira.

Pamutu adasenza mtolo wautali wa ndere zouma za m'nyanja, zophikira msuzi wa mayi wochira kumene. Nderezi sapinda. Akuti ukapinda, mwana amavuta kubadwa.

Ali pakati pa njira, nkhungu idatsika. Miyala idayamba kuterera. Kumbuyo kudamveka madzi... Kumbalinso madzi. Phazi lidatsetsereka, thibu! m'matope mpaka m'bondo. Tochi idamira. Mdima bii. Akadataya mtolowo, akadakwawa ndi manja. Adaugwiritsa.

Gubudu... gubudu...

Patsogolo padawerama munthu, akutembenuza miyala umodziumodzi. Ngakhale mumdimawo ankaoneka bwinobwino: chipewa cha udzu, khutu lakumanzere loduka.

"Simunapinde," adatero munthuyo osadzutsa mutu. "Mwachita bwino, asewere. Pondani imene ndatembenuzayi, kunsi kwake sikuterera."

"Asewere? Kodi mukundidziwa?"

"Anthu a m'tauni ndi mafunso. Tiyeni, madziwa sadikira munthu."

Adasolola mwendo. Adaponda. Mwala udagwira phazi. Wina. Winanso. Madzi m'akakolo... m'mawondo... Kenaka mchenga wouma! Atacheuka kuti athokoze, adangoona nyanja itadzaza.

Chitseko adatsekula ndi Mayi Ma, apongozi a Sun-im.

"Mwawoloka nthawi ino? Chaka chino miyala ija sitinaitembenuze, ndi ndere zokhazokha."

Mayi Pyo adafotokoza zonse. Atatchula khutu loduka, Mayi Ma adakhala pansi pang'onopang'ono.

"Amenewo ndi amuna anga, bambo ake a mkamwini wanu Gil-su. Madzi adawatenga pamiyala pomwepo usiku umene ndimabereka Gil-suyo. M'mawa adawapeza atakumbatira mtolo ngati wanuwu. Wosapinda."

Kenaka kuchipinda kudamveka kulira kwa khanda, kwamphamvu ndithu.

Mayi Ma adapukuta maso ndi nsonga ya malaya, nadzuka, nalandira mtolo uja ndi manja awiri.

"Lowani, asewere, muothe moto," adatero. "Ulendo uno nderezi zafika."