Tamiwe ndi Phala la Atate

Tamiwe ankakhala ku Nabvutika ndi atate ake, a Gerson, omwe anali aphunzitsi. Tsiku lina atate anadwala malungo. Tamiwe ankafuna kuti atate achire.

M'mawa azakhali ake a Tamiwe anaphika phala lansinjiro. Analithira m'mbale yachitsulo ya atate. Kenako anapita kumsika.

Atate anagona. Anagona nthawi yaitali. Phala linazizira.

Atate atadzuka, Tamiwe anati, "Atate, idyani. Mukadya mumwe mankhwala."

Atate analawa pang'ono. Anaika sipuni pansi.

"Lazizira," anatero.

"Idyaniko pang'ono, Atate."

"Lazizira."

Atate anatembenukira kukhoma. Sanadye. Mankhwala sanamwe.

Tamiwe anapita pambaula. Mvula inali itagwa. Makala onse anali atanyowa. Anayatsa machesi, moto unakana. Anayatsanso, moto unakana.

Tamiwe anakhala pakhonde. Anaganiza. Anakumbukira mnzake Shifa.

Kwa a Shifa kunali pafupi, kuseri kwa sitolo yawo. Kumeneko kunali magetsi. Kunalinso maikolowevu, bokosi loyera lotenthetsa chakudya. Atate ake a Shifa anabwera nayo kuchokera ku Joni.

Tamiwe ananyamula mbale ija. Anathamanga.

"Odi!"

"Lowa, Tamiwe," anatero Shifa. "Wandibweretsera phala?"

"Si lako, mdyomba iwe. Ndi la atate. Akudwala, ndipo lozizira akukana."

"Bwera nalo. Ndimaona mmene amayi amachitira."

Shifa anaika mbale yachitsulo m'maikolowevu. Anatseka chitseko. Anadina batani.

The! The! The!

Moto unathetheka m'katimo. Ana anakuwa.

Amayi ake a Shifa, mayi Zaitun, anabwera akuthamanga. Anazimitsa msanga.

"Ana inu! Mwaikamo chiyani?"

"Mbale ya atate," anatero Tamiwe.

Mayi Zaitun anaitulutsa ndi nsalu. Anayang'ana m'katimo. Simunapse.

"Chitsulo sichilowa muno," anatero. "Chimathetheka moto. Ndipo Shifa, uziyamba wandiitana. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Shifa anatenga kachitini kapulasitiki. Kale munali majarini.

"Nanga aka, Amayi?"

"Iyayi. Ako kasungunuka. Kodi aphunzitsi adye phala lapulasitiki?"

Shifa anaseka. Tamiwe sanaseke. Ankaganiza za atate.

Mayi Zaitun anatsegula kabati. Anatulutsa mbale ya alendo. Inali yoyera, yamaluwa ofiira.

"Aphunzitsi ndi munthu waulemu," anatero. "Tiwatenthetsere m'mbale yabwino."

Tamiwe anaiyang'ana. Inali yokongola zedi. M'mphepete mwake munali mzere wagolide. Mzerewo unkanyezimira.

Tamiwe anaugwira ndi chala. Ankachita manyazi kufunsa munthu wamkulu. Koma anafunsabe.

"Amayi, kodi mzerewu si chitsulo?"

Mayi Zaitun anaima. Anayandikiza mbale kumaso.

"Kalanga ine! Ndi chitsulo ndithu," anatero. "Iyinso ikanathetheka."

Anaibwezera m'kabati.

Pansi pa kabati panali mbale ina. Inali yagalasi lokhuthala, yophikira. Inalibe maluwa. Inalibe mzere.

Tamiwe anaitembenuza uku ndi uku.

"Ilibe chitsulo," anatero.

"Si yokongola," anatero Shifa.

"Atate akufuna phala lotentha basi."

Mayi Zaitun anathira phala m'mbale yagalasi. Anathiramo madzi pang'ono. Anaiika m'maikolowevu. Anatseka chitseko. Anadina batani.

Mbale inazungulira. Inazungulira mwakachetechete. Moto sunathetheke.

Ting!

Mayi Zaitun anaitulutsa ndi nsalu. M'mbali munali motentha. Pakati panali pozizira.

"Takasa bwino, mwanawe," anatero.

Tamiwe anatakasa. Mayi Zaitun anaibwezeranso m'maikolowevu pang'ono. Tsopano phala lonse linkafuka nthunzi.

Mayi Zaitun anavindikira mbale. Anaikulunga m'chitenje.

"Uyende bwino. Uwapatse moni aphunzitsi."

"Zikomo, Amayi."

Tamiwe sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono. Analambalala matope.

"Atate, dzukani."

Atate anatembenuka. Tamiwe anavundukula mbale. Nthunzi inakwera.

Atate anayang'ana phala. Anayang'ana mapazi a Tamiwe. Anali amatope okhaokha.

Atate analawa. Analawanso.

"Latentha," anatero.

Anadya. Kenako anamwa mankhwala ndi madzi.

M'mbale munatsala phala pang'ono.

"Iwe wadya?" anafunsa atate.

"Ayi, Atate."

Atate anasendera pamphasa.

"Katenge sipuni yako," anatero. "Fulumira, lisanazizire."