Tsiku Limene Dzanja Linamva

Anakumana pa siteji ya basi ku Woolwich, mumzinda wa London. Khadi lokwerera basi la Luntha linagwa pansi, zala zake zakumanja n'kukanika kulitola. Mtsikana wina anawerama n'kumupatsa.

"Zikomo kwambiri," Chichewa chinangomupulumuka Luntha.

"Iii, ndinu akumudzi! Ine ndine Effie. Dzanjali latani?"

"Si langa. Langa linadulidwa ndi makina kufakitale ku Barking. Ili anandilumikiza madokotala ku France. Mwini wake anamwalira."

Anthu ambiri akamva zimenezi ankasunthira uko. Koma Effie analigwira dzanjalo, n'kulisisita.

"Mukumva?"

"Ayi. Akuti mitsempha imayanga pang'onopang'ono ngati mbatata. Ndipo ndikangosiya mankhwala, thupi lidzalikana."

"Ndiye tilidikira limodzi."

Mnyamata anagwa m'chikondi osadzigwira! M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wamwa ma tablet, wapamtima?" Tsiku lina inabwera meseji imene Luntha sanaifufute: "Dzanja lako likadzadzuka, lidzayamba kumva ine. Promise."

Mu basi ya 472 yopita ku Thamesmead, Effie ankakhala kumanja kwake, zala zawo zitalukana. Luntha ankangoziyang'ana, maganizo ali kutali: iye mu suti, Effie mu velo, dzanja lomwelo likumuveka mphete. Ndani akanamudzutsa ku maloto otere?

Chisanu chitafika, Effie anayamba kuvala magulovu osavula, ati kuzizira. Mameseji anachepa, ati ntchito.

M'mawa wina Luntha atagwira kapu ya tiyi, anamva kutentha m'zala. Analira ngati mwana! Sanauze aliyense, ngakhale adokotala. Nkhaniyi inali ya Effie.

Pa siteji paja Luntha anamugwira Effie dzanja n'kutsinzina. Anamva ubweya wa gulovu. Anamva kufunda. Kenako anamva kanthu kolimba kozungulira chala.

"Effie, ichi n'chiyani?"

"Chiti?"

"Chili pa chala ichi, m'kati mwa gulovu."

Effie anauma thupi. "Ukumva?"

"Ndikumva."

Misozi inalengeza m'maso mwa mtsikana. "Ndi mphete ya Rogers, wa ku church kwathu. Chinkhoswe anapanga kumudzi mu October. Ndimaopa, Luntha! Adokotala ako ananena kuti munthu akasweka mtima amasiya mankhwala, dzanja n'kuwonongeka. Ndimadikira kuti lilimbe kaye."

"Ndiye umandigwiritsa dzanja ili podziwa kuti silimva?"

Basi inafika. Effie anasolola dzanja lake chala chimodzichimodzi, ndipo Luntha anamva chala chilichonse chikuchoka.

Mtima unamuwawa koopsa. Lonjezo lija Effie analisungadi: munthu woyamba amene dzanja linamumva anali iyeyo. Effie anakwera, ndipo basi itakhota, Luntha anatsala yekha, chikhatho chili chotambasula, ndipo kwa nthawi yoyamba dzanja lake latsopano linamva kuzizira kwa London.