Wotchi Yothamanga ya Nabelu

Belu lowerukira litalira, ana anatuluka m'makalasi ngati njuchi. Aphunzitsi a masamu anatsala okha pa bolodi, choko chili m'manja, samu asanaimalize.

Woliza beluyo anali mtsikana wa Fomu 2 amene anzake ankamutcha Nabelu. Ntchitoyi ankainyadira, makamaka chilandirire wotchi ya pakaunjika imene azakhali ake anamugulira. Inali yachikale, yopanda batire, yochita kupukusa kagudumu kam'mbali m'mawa uliwonse.

"Tabwera kuno iwe," anamuitana ahedi, akuloza wotchi ya pakhoma la ofesi. "Dzulo unatiwerutsa msanga, lero wanyanyiratu. Zikachitikanso, belu ndipereka kwa wina."

Nabelu anafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Pakhonde anapeza mlongo wake wamng'ono, amene ankamutcha Kagwiragwira chifukwa anali atamasulapo tochi, ayironi ngakhalenso loko wa kukhitchini.

"Ndiwe! Wandiseweretsera wotchi yanga!"

"Ine ayi, achemwali. Sindinaikhudze n'komwe."

"Bodza! Manja akowo amamva kuyabwa."

Misozi inalengeza m'maso mwa mwanayo. Amayi anasuzumira pawindo. "Musandisokose. Pitani nonse kwa mayi wokonza mawotchi uja, akakuweruzeni."

Kashopu ka mayiyo kanali kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Anamvetsera dandaulo lonse, naika kagalasi padiso, n'kutsegula wotchiyo kumbuyo. Nabelu anaona timagudumu ting'onoting'ono tikuyenda, ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi, kozungulizidwa, kakufutukuka ndi kubwerera.

"Muno simunalowe zala za mwana," anatero mayiyo. "Mukanakhala mokandika. Tadikira."

Anatulutsa m'dirowa kampasi yaing'ono yolozera kumpoto. Atangoyandikiza wotchi, muvi wa kampasi unayamba kugwedezeka ngati woledzera.

"Ndi izi! Yalowa maginito. Kawaya aka kakumatirirana, ndiye kafupika, wotchi n'kumathamanga. Ukaivula umaiika pati, mwanangu?"

"Pamwamba pa wailesi yanga, pafupi ndi sipika," anayankha Nabelu, mawu atatsika.

"Eee! M'sipikamo muli maginito amphamvu!" anafuula Kagwiragwira. "Ndinawaona tsiku lija nditamasula..." Anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Mayiyo anaseka mpaka kagalasi kanagwa padiso. Kenako anaika wotchi pa kabokosi ka magetsi kochotsera maginito, nadina batani, n'kuikweza pang'onopang'ono mpaka kutali. Atayandikizanso kampasi, muvi unangoti duu.

"Yachira. Uiyerekeze ndi ya kusukulu masiku angapo. Ikapitiriza kuthamanga, ubwere nayo. Koma ndi wailesi zisamagonere limodzi."

Pobwerera, Nabelu anayenda akuyang'ana pansi. Anakumbukira misozi ya mwanayo, manyazi n'kumugwira. Atafika pamphambano anaima.

"Pepa, mlongo wanga. Ndinakunamizira."

"Ndakhululuka, achemwali," anatero Kagwiragwira, akumuyang'ana cham'mbali. "Koma nanunso mundikhululukire za wailesi zija..."

"Unabwezera zonse m'malo mwake?"

"Pafupifupi zonse. Kanatsala kasikulu kamodzi komangira sipika. Ndinakasunga bwinobwino."

Nabelu anayesa kukwinya nkhope, koma chiseko chinamuphulika. Anamugwira paphewa. "Tiye ukakabwezere. Ulendo uno ine ndikuyatsira tochi."

"Tochi ija, achemwali," anatero mwanayo akukanda m'mutu, "sinayambebe kuyaka."