Botolo Loitana Anamwino

Hajara ndi mtsikana wa ku Ndirande. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sabata ina, Hajara ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake adye.

Mlongo wake wamng'ono, Fadili, anali m'chipatala. Anatsekula m'mimba masiku atatu. Tsopano anali pa diripi.

Diripi ndi botolo la madzi a mankhwala. Amalipachika pa chitsulo pafupi ndi bedi. Madzi amatsika m'kapaipi. Amalowa m'dzanja la wodwala. Dontho. Dontho. Dontho.

Masana aliwonse Hajara ankapita kuchipatala ndi amalume ake, a Abdula. Ankanyamula mpunga ndi nyemba m'kontena. Koma amayi sankadya. Maso awo anali pa botolo.

"Amayi, idyani."

"Ndidya, mwanangu. Ika pamenepo."

Amayi anati madzi akatsala pang'ono, pamafunika kuitana anamwino. Anamwino a Eliness anali okha. Ana odwala anali ambiri. Amayi ankaopa kuti botolo litha iwo osaona.

Mpunga unazizira. Nyemba zinazizira. Amayi ankangoyang'ana botolo.

Pobwerera, Hajara ndi amalume anadzera mumsika. Amalume ali ndi benchi mumsikamo. Amakonza mawailesi ndi mafoni. Pafupi ndi benchi yawo, mayi wina ankagulitsa mpunga. Anapachika jumbo ya mpunga pa sikelo. Jumbo inatsika. Anatapamo mpunga pang'ono. Jumbo inakwera.

Hajara anaima chilili. Cholemera chimatsika. Chopepuka chimakwera.

Anathamangira kwa amalume. Anapempha mphira ya chubu cha njinga. Anapempha mawaya awiri. Anapempha batire la tochi. Anapemphanso kabelu ka m'chidole chakale.

"Iwe, ukufuna kundilanda ntchito eti?" anatero amalume akuseka. Koma anamupatsa zonse.

Hajara anathira madzi m'botolo lapulasitiki. Amalume anaboola pansi pake ndi singano. Hajara anamanga botolo ku mphira. Anapachika mphira pa msomali. Waya wina anamumata pa botolo. Waya wina anamuika pamwamba. Amalume analumikiza batire ndi kabelu.

Dontho. Dontho. Dontho.

Botolo linayamba kupepuka. Linakwera pang'ono. Linakweranso. Mawaya awiri anakhudzana.

Tiii!

Mayi wa mpunga uja anadzidzimuka. Anaganiza kuti ndi foni yake. Hajara anavina mozungulira benchi.

Mawa lake anapita ndi chida chakecho kuchipatala. Hajara ankafuna kuchimangirira pa diripi ya Fadili pompo. Anamwino a Eliness anakana. Anati chida chatsopano sachiyesera pa mwana. Amayamba achiyesera panja, ndi madzi wamba.

Anamwino anaitana a Luckson. A Luckson ndi mmisiri wa zida za m'chipatala. Onse anaima pakhonde la wodi. Hajara anapachika chida chake pa msomali. Amayi anaima pakhomo. Diso lina linali pakhonde. Diso lina linali kwa Fadili.

Dontho. Dontho. Dontho. Madzi onse anatha.

Tiii!

Hajara anamwetulira. Koma anamwino anapukusa mutu.

"Kalira mochedwa, Hajara. Ine ndilibe mapiko. Kazilira madzi asanathe."

Hajara anaganiza. Anatsitsa waya wapamwamba pang'ono. Anathiranso madzi. Ulendo uno kabelu kanalira madzi akadalimo.

Anamwino anawomba m'manja. Amalume anawomba m'manja. Amayi sanawombe.

"Nanga mphira ikaduka?" anafunsa amayi. "Botolo siligwera mwana wanga?"

Amalume anakanda m'mutu. Palibe amene anaganiza zimenezo.

Hajara anayang'ana pansi. Anaona nsapato zake. Anamasula chingwe cha nsapato imodzi. Anachimanga ku botolo. Anachimanganso ku msomali, molendewera.

A Luckson anatenga sizasi. Anadula mphira. Botolo linagwedezeka. Koma silinagwe. Chingwe chinaligwira.

"Nanga batire likatha?" anafunsanso amayi.

A Luckson anaseka. Anati amayi awa akadakhala anzawo a ntchito, zida zonse zikadakhala bwino. Anati aikapo kanyali kobiriwira. Kanyali kakazima, ndiye kuti batire latha. Anamwino nawo anati sasiya kuyendera mabedi. Kabelu ndi kongowathandiza.

Amayi anatsekula pakamwa kuti afunsenso. Anaganiza. Anaganiza. Funso lina silinabwere.

A Luckson anatenga chida cha Hajara. Anapita nacho ku chipinda chawo chogwirira ntchito. Anachipanganso ndi zinthu zaukhondo. Pamalo pa mphira anaika sipuling'i. Pamalo pa chingwe cha nsapato anaika tcheni. Anachiyesa kakhumi. Adokotala nawo anachiona ndipo anavomera.

Hajara anayenda ndi nsapato yopanda chingwe. Inkalira phwa, phwa mumsewu. Iye sanadandaule.

Tsiku lotsatira, chida chinali pa chitsulo cha Fadili. Kanyali kobiriwira kanali koyaka. Hajara anatsekula kontena. Mpunga unali wotentha.

Amayi anatapa kamodzi. Anayang'ana botolo. Anatapa kachiwiri. Anayang'ananso botolo.

Hajara anagwira tsaya la amayi. Analitembenuza pang'onopang'ono.

"Amayi, chakudya chili uku."

Amayi anaseka. Anadya mpunga. Anadya nyemba. Anamaliza zonse.

Tiii!

Anamwino a Eliness anabwera akuyenda bwinobwino. M'botolo munali mudakali madzi. Anachotsa botolo lakale. Anaika latsopano. Fadili anayang'ana kabelu. Anaseka koyamba sabata imeneyo.

Amayi a pa bedi linalo anasuzumira. Anafunsa ngati kabelu kaliponso kena. A Luckson anati ayamba kale kupanga kachiwiri. Anati Hajara azibwera kudzaona ngati akupanga bwino.

Patapita masiku awiri, Fadili anachira. Anabwerera kunyumba ku Ndirande. Amalume anamugulira Hajara zingwe zatsopano, zofiira.

M'mawa, onse anakhala pamkeka. Fadili ankamwa phala m'kapu. Anamwa. Anamwa. Phala linatsala pang'ono.

Fadili anakweza kapu m'mwamba.

"Tiii!" anatero.

Amayi anaseka mpaka misozi. Anatenga kapu ija, nathiramo phala lina.